Ndigwirireniko Tochi

Amuna anga ali ndi matenda amodzi okha: galimoto zakale. Loweruka lina madzulo iwo ndi anzawo awiri anapangana zoyendera magalaja a m'dera mwathu. Ine ndinawatsatira, poti "ndikubwera pompano" wawo ndinali nditatopa naye.

Tinayambira kwa aphunzitsi, amene galimoto yawo imawala ngati mbale yatsopano koma sinayendepo. Kenako kwa a Mapulagi, makaniko wopuma ntchito. Azibambo a ndevu zawo kuzungulira injini, kuimvetsera ngati mwana wayamba kuyankhula! Ali ndi lamulo lawo anthu amenewa: mnzako akaitana ali pansi pa galimoto, sufunsa, umangolowa.

Pobwerera kunali kutada. Kumapeto kwa msewu tinaona galaja ina, chitseko chili chotsegula pang'ono, nyale ikuyaka. Tinasuzumira. Munali galimoto yobiriwira yopanda matayala akutsogolo, ndipo pansi pake panatulukira miyendo ya munthu wovala ovolosi.

"Mwabwera?" anatero mawu a pansipo. "Mmodzi andigwirireko tochi."

A Mapulagi atamva mawuwo anabwerera m'mbuyo. Amuna anga anali atagona kale chagada, n'kulowa ndi malaya awo abwino.

Ine maso anagwera pa nsapato za munthuyo. Fumbi lokhalokha. Kangaude anali atamanga ukonde kuchokera ku nsapato imodzi kufika ku inzake.

Kenako ndinamva kulira kwa chitsulo. Galimoto yonseyo inali pa jeke mmodzi, popanda chochirikiza chilichonse. Jekeyo ankatsika yekha, pang'onopang'ono.

"Bambo, tulukani!"



Ndinawagwira amuna anga m'miyendo n'kukoka. Sanasunthe. China chake chinkawakokera mkati. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

"Aphunzitsi, mukuonerera chiyani? Gwirani!"

Tinakoka atatu. Mutu wawo utangotuluka, galimoto inagwa pansi, phii! Nyale inazima. A Mapulagi atawalitsa foni, miyendo ija panalibe.

Mayi wina anatuluka m'nyumba yaikulu akuthamanga, kiyi ali m'manja.

"Watsegula ndani? Muno sitinalowemo chimwalirire bambo!"

Tili m'njira, a Mapulagi anatinong'oneza kuti mawuwo anawazindikira. Mwini galajayo inamugwera galimoto yomweyo chaka chatha. Akuti anaitana mpaka mawu kutha, koma oyandikana nawo anali atazolowera phokoso la m'galajamo.

Kunyumba amuna anga anangokhala pabedi. Padzanja lawo lamanja panali zidindo za zala, za oyilo wakuda. Ndinatsuka ndi sopo, osachoka.

"Ankafuna muwaunikire chiyani?" ndinafunsa.



"Tochi sankaifuna, amayi. Anali atagwira galimoto ndi dzanja limodzi, linalo atandigwira nalo. Anandiuza kuti, 'Sendera kuno, m'bale wanga. Ndatopa kuigwira ndekha.'"