Mfuti ya Bwana Harold

Geresomo, mmisiri wosoka zikopa, anam'peza atafa m'chisakasa chake kuseri kwa msika wa ng'ombe ku Ngabu, mpeni wake wodulira zikopa uli pakhosi. Pamene Inspekitala Symon Fanizo amafika Lachiwiri masana, anyamata ake n'kuti atamanga kale Feston, wogulitsa zikopa zaziwisi, poti dzulo lake anatukwanizana ndi malemuyo. Ntchito yaulesi: kungotola chidakwa chimene chili pafupi.

"Nkhabe, bwana, si ine!" analira Feston. "Kutukwana ndimatukwana, koma m'mawa wonse ndinali kophera ng'ombe." Anzake a kumeneko anam'chitira umboni, koma panalibe wofuna kum'masula wopha weniweni asanapezeke.

Fanizo anaitana Imelda, mkazi wa malemu. "Mayi, anabwera ndani lero?"

"Bwana Harold, a makola a ng'ombe aja. Amafuna chimake cha mfuti yawo yam'manja. Amuna anga sankasoka mongoyerekeza. Ankanyika chikopa m'madzi, n'kukulunga mfutiyo, n'kumasisita ndi nyanga ya mbuzi mpaka chikopa chitenge thupi la mfuti. Bwana sankafuna kuipereka, koma anapereka. Ndikupita kumjigo ndinamva amuna anga akuseka chikhakhali."

Harold ankadziwika Ngabu yense. Mimba patsogolo, mfuti m'thumba la jekete, chogwirira chokha chikusuzumira. Abusa ake ankam'gwadira, akuba ng'ombe ankalambalala makola ake, ndipo m'mabala anthu ankam'siyira mpando. Fanizo sankam'konda ngakhale pang'ono.

Pathebulo panali chikopa chija, chikadali chonyowa, chosasoka. Fanizo anachitembenuza padzuwa. Mfuti inali itadindika bwinobwino. Koma m'mbali mwake munali timaenje tinayi ta masikuluwu, ndi kamzere kopyapyala kuyambira kukamwa mpaka kuchogwirira. Iye anagwirapo mfuti zambiri, koma kamzere kotero anakaona pa zidole za pulasitiki zokha, zogulitsa pansi pamsika.

Madzulo Harold ataitanidwa analowa m'chipinda chofunsira mafunso ngati wabwera kudzagula polisiyo.

"Ndinachoka munthuyo ali moyo," anatero. "Mukudziwa kuti mukulankhula ndi ndani?"

"Tikudziwa, bwana. Ikani mfuti yanu apa."

"Ili kunyumba."

"Nanga chatupitsa jeketecho n'chiyani?"

Harold anapisa dzanja m'thumba. Anaitulutsa pang'onopang'ono. Fanizo anainyamula ndi zala ziwiri, yopepuka ngati chitsononkho, n'kuigoneka m'chikopa chija. Inalowa ndendende. Atakoka kowombera, kanangolira kuti *tswee*. Wapolisi wapakhomo analuma mlomo kuti asaseke.

"Mkono wa malaya anuwo mwauchapa, koma magazi sanachoke," anatero Fanizo. "Munthu wakufa chifukwa cha chidole?"

"Ankaseka!" anakuwa Harold. "Anangoigwira, n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Amvekere akauza onse a pabawo. Ndinam'pempha, ndinagwada ine, munthu wa ng'ombe zanga! Akuba akanamva, makola anga akanatha sabata imodzi. Abusa anga omwe akanandilavulira. Mpeni unali pomwepo..."

Fanizo anamuyang'ana monyansidwa. "M'masuleni Feston azipita kwawo," anauza wapolisi uja. "Awa alowe m'malo mwake."

Unyolo utalira m'manja, Harold anasendera pafupi. "Bwana Inspekitala, ndakupemphani. Kukhoti za chidolezi musakanene. Mungolemba kuti ndinamuwombera."

"Ayi, bwana," anayankha Fanizo, akuika kamfutiko m'thumba la umboni. "Ndikakanyamula ndekha pamaso pa Ngabu yense, ndipo ndikapempha woweruza kuti akalize yekha."