Kasutikesi ka Maite

Lamlungu, pa 21 Januwale, Maite anakana kubwera ku Bolivia. Anakana pa foni. Anakana kawiri.

Maite ndi msuweni wake wa Nayra. Amakhala ku Brazil. Anabadwira komweko. Nayra amakhala ku El Alto, pamwamba pa mzinda wa La Paz. Onse awiri ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Sanaonanepo maso ndi maso.

"Ubwere pa Pasaka," anatero Nayra.

"Sindibwera," anatero Maite. "Kwanuko n'kozizira."

"Ubwere, iwe!"

"Sindibwera. Amayi abwera okha. Ine nditsala ndi abambo."

Nayra anakhumudwa. Ankafuna kuti Maite abwere. Ankafunitsitsa.

Lachitatu, pa 24 Januwale, linali tsiku la Alasita. Pa tsikuli anthu amagula tinthu ting'onoting'ono. Wofuna nyumba amagula kanyumba. Wofuna galimoto amagula kagalimoto. Wofuna ulendo amam'patsa kasutikesi. Ikakwana 12 koloko masana, tinthuto amatifukiza lubani. Akatero amadikira kuti chachikulu chibwere.

Nayra anapita ndi amalume ake, a Eloy. A Eloy amayendetsa basi. Ayenda m'dziko lonse la Bolivia.

Anatsikira ku La Paz pa kangolo koyenda pa chingwe. Kangoloko kanadutsa pamwamba pa madenga. Kutsogolo kunali phiri la Illimani. Pamutu pake panali poyera mbee.

"Amalume, ndikufuna kasutikesi," anatero Nayra.

"Ukupita kuti, mphwanga?"

"Si kanga. Ndi ka Maite. Ndiikamo Bolivia yense."

"Bolivia yense?" anaseka a Eloy. "Ine wandithera matayala angati Bolivia ameneyo! Iwe alowe m'kasutikesi?"

"Alowa," anatero Nayra.

Anagula kasutikesi kofiira. Kanali kotalika ngati dzanja la a Eloy. Kenaka Nayra anayamba kusankha.

Anasankha kalama, kanyama ka khosi lalitali. Anakaika m'kati.

Anasankha kabwato ka bango. Mabwato otere amayenda pa nyanja ya Titicaca. Anakaika m'kati.

Anasankha kathumba ka mchere wa ku Uyuni. Anakaika m'kati.

Anasankha kachipewa ka ubweya kotseka makutu. Anasankha tibulangete tiwiri. Zonse anaika m'kati.

Nthawi inali 11 koloko. A Eloy anaimbira foni Maite. Nkhope ya Maite inaoneka pa foni.

"Taona!" anatero Nayra. "Dziko lathu ili."

Maite anaona kalama. "Kali ndi ubweya wambiri. Chifukwa chiyani?"

"Chifukwa kumazizira."

Maite anaona kachipewa. Anaona tibulangete. Anaona mchere woyera.

"Iii! Zonse n'zozizira," anatero Maite. "Ndinanena ine. Sindibwera."

Foni inaduka. Nayra anakhala pansi. Misozi inalengeza m'maso.

A Eloy ananjuta pambali pake. Anatsegula kasutikesi. Anayang'ana m'kati.

"Mphwanga, waikamo denga lokha," anatero. "Nanga nyumba ili kuti?"

"Denga?"

"Ife timakhala pamwamba. Koma mbali yaikulu ya Bolivia ili m'munsi. Ndipo kumeneko n'kotentha."

"Mukunama, amalume."

"Ndikunama ine? Ndikanyamuka kuno ndimavala majuzi awiri. Ndikafika ku Cochabamba ndimavula imodzi. Ndikafika ku Santa Cruz ndimavula inayo. Thukuta kamukamu!"

Nayra anatong'ola maso. Iye anali asanatsikepo m'munsi. Ankaganiza kuti Bolivia yense amavala chipewa cha ubweya.

"Kuli chiyani kumeneko?" anafunsa.

"Kuli nkhalango zazikulu. Kuli mitsinje yotakata. Kuli zinkhwe zofiira ndi zachikasu. Kuli ng'ona. Kuli nanazi ndi nthochi."

Nayra anadzambatuka. Kunatsala mphindi makumi atatu kuti ikwane 12 koloko.

Anathamangira kwa amayi ogulitsa tinyama.

"Amayi, muli ndi kachinkhwe?"

"Kalipo, mwana wanga. Kofiira kapena kobiriwira?"

"Kofiira. Nanga kang'ona?"

"Aa! Kang'ona pa Alasita? Ukufuna ng'ona yaikulu ibwere kwanu?"

"Iyayi! Ndikufuna msuweni wanga abwere."

"Ndiye msuweni wakoyo ndi ng'ona?" Amayiwo anaseka mpaka chipewa chawo chinapendekeka. Anafufuza pansi pa tebulo. Anatulutsa kang'ona ka dothi.

Nayra anapezanso kananazi. Anapeza kaphava ka nthochi. Koma kasutikesi sikanatsekeke. Anakankha. Sikanatsekeke. Anakhalira. Sikanatsekeke.

"Ndinakuuza," anatero a Eloy. "Ndi wamkulu Bolivia."

Nayra anachotsa kabulangete kamodzi. Kasutikesi kanatsekeka. Kwapu!

Anaimbanso foni. Maite anayankha mochedwa.

"Ukufunanso chiyani?" anafunsa.

"Ndinalakwitsa. Ndinakuonetsa denga lokha. Taonanso."

Nayra anatulutsa kachinkhwe. Anatulutsa kang'ona. Anatulutsa kananazi.

"Zimenezi n'za kwanu?" anafunsa Maite.

"N'za kwathu. M'munsi n'kotentha. Amalume amavula majuzi onse."

"Nanga mchere uja?"

A Eloy anasuzumira pa foni. "Ndi chigwa cha mchere wokhawokha, Maite. Palibe china chachikulu choposa chimenechi padziko lonse. Mvula ikagwa chimasanduka kalilole. Mitambo imakhala kumwamba. Mitambo imakhalanso pansi pa mapazi ako."

Maite analankhula motsitsa mawu.

"Nayra, mnzanga wina akuti kwanuko munthu amabanika. Akuti mutu umapweteka. Ndi zoona?"

Nayra anafuna kunena kuti ndi bodza. Iye amathamanga tsiku lililonse. Sabanika. Mutu sumupweteka. Anayang'ana amalume ake.

"Iwe unabadwira kuno," anatero a Eloy. "Iye ayi. El Alto ali pamwamba, mamita oposa 4,000. Mpweya wake ndi wopepuka. Muuze zoona."

Nayra ankaopa kuti Maite akananso.

"Ndi zoona," anatero. "Alendo ambiri amabanika masiku oyamba."

"Ndiye nditani?"

A Eloy ananong'oneza Nayra. Nayra anauza Maite.

"Uziyenda pang'onopang'ono. Uzidya pang'onopang'ono. Uzimwa madzi ambiri. Amayi anga azikuphikira tiyi wa masamba a chitsamba cha koka. Pakatha masiku awiri kapena atatu, umakhala bwino."

"Iwe uzikathamanga, ine n'kutsala ndekha?"

"Iyayi. Ndiziyenda nawe. Pang'onopang'ono."

"Iweyo? Amayi akuti sukhala pansi. Akuti uli ngati mbuzi."

"Mbuzi ndiwe!" anatero Nayra. Onse awiri anaseka.

"Nanga m'munsi tikapita?" anafunsa Maite.

"Basi ndi yanga," anatero a Eloy. "Tikapita. Koma kumeneko wofooka akakhala Nayra. Sadziwa kutentha ameneyu."

"Ndikamuphunzitsa ine," anatero Maite. "Uzikakhala pamthunzi, Nayra. Uzikadzola mankhwala a udzudzu."

"Ndiye ubwera?"

"Ndibwera."

Mabelu a tchalitchi analira. Inali 12 koloko. Anthu onse anakweza tinthu tawo m'mwamba. Tinyumba m'mwamba. Timagalimoto m'mwamba. Nayra anakweza kasutikesi.

Bambo wina wofukiza lubani anakalandira. Anakazunguza mu utsi. Anakawaza timaluwa tachikasu.

"Mwini wake ndani?" anafunsa bamboyo.

"Maite," anatero Nayra. "Uyu ali pa foniyu."

"Uyende bwino, Maite," anatero bamboyo. Kenaka anayang'ana Nayra. "Koma iwe, usakasunge kwanu. Kapite kwa mwini wake."

Atafika kunyumba, amayi a Nayra anali ataphika api. Ndi chakumwa chotentha cha chimanga chofiirira. Nayra anamwa makapu awiri. Anafotokoza zonse. Amayi anamukumbatira. Kenaka anayamba kuganiza za pogona alendo.

Maite ndi amayi ake adzafika Lachinayi, pa 28 Malichi.

Lachisanu, pa 26 Januwale, a Eloy anatenga kasutikesi. Anakaika pafupi ndi chiwongolero. Anatsika nako mpaka ku Santa Cruz. Kumeneko anakapereka kwa mnzawo woyendetsa basi ya kumalire a Brazil.

Lero ndi pa 30 Januwale. Maite waimba kale foni kawiri. Kasutikesi sikanafike. Kakadali pa msewu.