Dzina la Tionenji Pachikwangwani

Kampani ya Yesaya inali itafika pomvetsa chisoni. Inali labu yoyeza magazi, madzi a m'zitsime ndi nthaka ya alimi a mpunga a ku Lifuwu, koma makina ake ankangodya fumbi. Anthu ankadutsa pakhomo pake kupita ku labu ya Martin, mnzake wa kusukulu, yemwe anali atagula kale galimoto ziwiri. Yesaya akaziona galimotozo, nsanje inkamudya.

Alangizi a zamalonda anati asinthe dzina la kampani ndi penti yomwe. Anasinthadi, koma sikunabwere ngakhale ntchentche. Basi tsiku lina Yesaya anakwera kabaza wa ku Maganga, kwa sing'anga wina amene anthu ankamutchula monong'ona.

"Mayina otola m'mabuku saitana anthu," anatero sing'angayo, Yesaya asanafotokoze n'komwe. "Loitana ndi dzina loti mwini wake akupuma. Muli ndi mwana?"

"Mmodzi yekha, bambo. Tionenji."

"Lembani limenelo pachikwangwani. Mu pentiyo muthire mankhwala awa ndi magazi ake. Ikasuluka, mubwereze."

"Magazi ochuluka bwanji?"

Sing'angayo anaseka. "Woyeza magazi ndinu. Mukufunsa ine?"

Kutenga magazi inali ntchito ya Yesaya ya masiku onse. "Bwera ndikuyeze malungo, mwanawe," anatero atafika kunyumba, ndipo Tionenji anatambasula dzanja akumwetulira.

Labu ya Tionenji inatchuka ngati nyimbo yatsopano. Mahotela a ku Senga Bay ankatumiza madzi awo, mabungwe ankapikisana kusaina naye mapangano. Yesaya anatsegula nthambi m'tauni, dzinalo n'kuliika pa wailesi, pa maminibasi ndi pa zitenje zomwe ankagawa ulere. Galimoto za Martin tsopano ankaziona ngati ngolo.

Koma dzuwa la ku Salima silimvera chisoni penti. Zikwangwani zikasuluka, makasitomala ankachepa, ndiye Yesaya ankatenganso jakisoni. Tionenji anayamba kuwonda, m'maso n'kuyera. Ukamuitana sankatembenuka.

"Bambo a Tionenji, mwanayu mumamuyeza chiyani chosatha?" anafunsa mkazi wake, Pauline. "Dzulo wandifunsa kuti dzina lake ndani."

Yesaya anagwidwa ndi mantha. Anamuyeza mwanayo moona tsopano, koma makina sanapeze matenda alionse. Anathamangira ku Maganga.

"Kampaniyo tengani, mundibwezere mwana wanga!"

"Ine sindinatenge kanthu," anayankha sing'angayo. "Munaligawa nokha dzinalo. Kalitoleni paliponse pamene lalembedwa, ndiponso pakamwa pa aliyense wolitchula. Likatsala ngakhale pamalo amodzi, ndiye kuti latsala."

Yesaya anagwetsa zikwangwani zonse, n'kuletsa wailesi kulengeza dzinalo. Akupukuta thukuta pamsewu, minibasi inaima, kondakitala n'kufuula, "Otsikira pa Tionenji!" Siteji yonse inali itatenga dzina la mwana wake.

Tionenji anamwalira mpunga usanakololedwe. Pamaliro, amayi a ku Lifuwu anabwera mwaunyinji, ndipo pofuna kulemekeza bwana wawo, onse anavala zitenje za kampani zija. Yesaya atakweza maso anaona dzina la mwana wake litazungulira bokosi mbali zonse. Anakuwa, ndipo mutu wake sunabwererenso.

Mpaka lero amayendayenda pasiteji paja ndi msomali m'manja, kupala zilembo pa minibasi iliyonse yomwe yaima.

Umbombo ndi woipa, abale anga. Chuma cha zizimba chimalipidwa ndi munthu amene umamukonda koposa, ndipo ukadzafuna kubweza umapeza kuti palibenso wokubwezera.