Mayi Wosadziwa Chimanga

Nkhaniyi anthu a kwa Likoswe amaikamba mosiyanasiyana, koma onse amaiyambira pa madzulo amodzimodzi: tsiku limene Ellina anachedwa kuchipatala cha ku Njuli, komwe anakatengera mayi ake mankhwala a miyendo.

Mvula yoyamba inali itangogwa kumene. Dothi linkanunkhira, ndipo aliyense anali atadzala. Ellina yekha ndiye analibe poponya mbewu. Mbewu yake inali m'chigubu kuseri kwa chitseko, ikudikira.

Kale munda anali nawo. Unali wa mayi ake, a Albertina, ndipo ndi umene unkadyetsa awiriwa chiyambire pamene miyendo ya mayiwo inakana kuyenda. Koma chaka cha namondwe madzi anang'amba chigwembe pakati pa mundawo, ndipo m'khoma mwa chigwembecho munaoneka mafupa a munthu.

Apolisi anabwera, anayang'ana, nati awa ndi akalekale, si nkhani yawo. Kenako kunabwera anthu a ku yunivesite, motsogozedwa ndi mayi wina dzina lawo a Shukuru. Ellina sanaiwale chimene anaona tsiku limenelo. Mayiwo asanagwire fupa lililonse anavula nsapato, anagwada m'matope, n'kunong'ona kuti, “Pepani, tikuvutitsani pang'ono.” Anatenga dzino limodzi ndi kachidutswa ka nthiti. Otsalawo anawakulunga m'nsalu yatsopano n'kuwakwirira pakona ya munda.

“Dzinolo mukalitani?” anafunsa Ellina, maso ali pansi.

“Tikufuna tidziwe zimene ankadya, mchemwali. Chakudya sichithera m'mimba. Chimasiya chizindikiro m'mafupa. Timapera kachidutswa kukhala ufa, n'kuutentha m'makina. Wodya chimanga, mapira kapena mawere amaoneka. Wodya zakutchire amaonekanso. Tikatero timadziwa kuti ulimi unafika liti kuno.”

Nthawi yomweyo ndi imene amalume ake a Ellina, a Timoti, anabwerera pamudzi. Ukwati unali utatha kuchikamwini, ndipo anafika ndi khasu ndi wailesi basi. Munda analibe, poti kuno munda ndi wa akazi. Atamva za mafupa aja maso awo anayera.

“Amenewo ndi anganga athu,” anatero pamaso pa mbumba yonse. “Pamenepo ndi pamanda. Mtsikana sangalime pamutu pa makolo. Mwinimbumba ndine, ndiusunga ndine mundawo.”

A Albertina analira ali gone pamphasa. Ellina anatsegula pakamwa, koma mawu anamuthawa monga mwa nthawi zonse.

Patapita miyezi a Shukuru anabweranso ndi yankho, monga analonjezera. Anati mafupawo anali a mzimayi, ndipo anakhala kuno chimanga chisanafike, ngakhale mapira amene. M'mafupa ake munalibe chizindikiro cha mbewu yolima. Ankadya zipatso, mizu ndi tinyama takutchire. Dzino lija linaonetsanso kuti ali mwana anakumana ndi njala yaikulu.

“Ndiye sangakhale anganga anu, bambo,” anamaliza motero mwaulemu.

“Makina anganga anga awadziwira kuti?” anayankha a Timoti. “Anadya nawo limodzi?”

Anthu anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Sabata yomweyo a Timoti anakathira nsembe pakona paja, ufa woyera ndi thobwa, n'kulengeza kuti makolo awalola iwo okha. Anaunga mizere munda wonse, mpaka pamwamba pa manda penipeni, n'kudzala chimanga chawo. Ellina anaona kanthu kamodzi kamene ena sanasamale. Ufa wa nsembe uja unakhala mbuu masiku onsewo. Nyerere zinkaulambalala. Ngakhale nkhuku sizinaujompheko.

Ndiye madzulo aja, akuchokera ku Njuli, anatsika kabaza pamphambano dzuwa litalowa kale. A Tatu, mayi wootcha chimanga pamenepo, anali akulongedza. Anamuyang'ana kumaso, n'kumupatsa chimanga chootcha chimene chinatsala pambaula, ndi masuku odzaza manja awiri.

“Tenga, mwanawe. Milomo yakoyo yauma, wakhala pamzere tsiku lonse.”

Ellina anathokoza, anamanga masukuwo pansonga ya chitenje, n'kuuyamba ulendo. Njira ya kumunda sankaikondanso chifukwa inkamuwawitsa mtima. Koma mdima unkabwera, ndipo ndiyo inali yachidule.

Achule ankalira m'dambo. Ngumbi zinkamugunda kumaso. Atafika m'malire a munda uja, achule onse anangoti zii.

Anaima.

M'mphepete mwa chigwembe munakhala munthu. Poyamba ankayesa mwana. Atayandikira anaona kuti ndi mzimayi wamkulu, koma wamfupi kwambiri. Anakhala chonjuta, dzanja lili patsaya, ngati munthu womva dzino. Anafunda nsalu imene inkaoneka yatsopano, ngakhale inali ndi dothi.

“Mwaswera bwanji, amayi?”

Ellina anasendera pafupi.

“Mwasochera? Mukupita kwa yani?”

Mayiyo anatembenuka pang'onopang'ono. Sanayang'ane nkhope ya Ellina. Anayang'ana m'manja mwake. Ellina anawadziwa maso amenewo. Anali maso a mwezi wa Febuluwale, nkhokwe zikakhala mbee.

Miyendo inkamuuza kuti athawe. Koma kwawo munthu wanjala sumudutsa chakudya chili m'manja. Anagwada, n'kupereka chimanga chija ndi manja awiri.

Mayiyo anachilandira. Anachitembenuza uku ndi uku. Anachinunkhiza. Anakanda njere imodzi ndi chikhadabo, n'kuiyang'anitsitsa ngati kamwala. Kenako anachiika pansi, kutali ndi iye, n'kupukuta zala padothi.

Ndani kuno, ngakhale wamisala, amene sadziwa chogwira chimanga?

Ellina anamasula nsonga ya chitenje. Masuku anagubuduka pansi.

Apo mayiyo anatulutsa kamawu kapansipansi, ngati ka mwana woona mayi ake. Anatola suku, analifinya, analipsipa. Anatola lina. Ankadyera mbali imodzi, mosamala, ndipo nthanga ankazilavulira m'dzanja osatayako ngakhale imodzi. Atatha anamwetulira. Mwezi unali utangotuluka kuseri kwa phiri, ndipo Ellina anaona bwinobwino. Mano onse anali ogwira, operepeseka ngati mphero. Kumbali kunali gweru limodzi, loyera, lopanda magazi.

Mayiyo analoza mizere. Analoza pakona paja. Kenako anayang'ana Ellina m'maso, ngati akufunsa.

“Si ine, amayi,” ananong'ona Ellina. “Ine ndikanapasiya. Munda unali wathu. Tilibe podzala.”

Misozi inamutsika, ya miyezi yonse ija. Anapukuta maso ndi chitenje. Pochotsa, m'mphepete mwa chigwembe munalibe munthu. Panali chimanga chootcha chokha, chathunthu. Achule anayambiranso.

Mmene anafikira kunyumba sakumbukira. Mayi ake sanawauze kanthu. Anagona chovala.

Kutangocha kunamveka mfuu kumunda. Azimayi opita kumjigo ndi amene anawapeza a Timoti. Anali atakhala pansi m'chigwembe, atavala kabudula wogonera, zikhadabo zitathyoka, manja ali dothi lokhalokha. Pambali pawo panali mulu wa mbewu. Chimanga chonse chimene anadzala chinali chitafukulidwa, phando ndi phando, china chitamera kale timizu. Mizere ya pakona paja inali itasalazidwa.

“A Timoti, mwatani? Mwafika bwanji kuno?”

“Anandigogodera,” anatero, osayang'ana munthu. “Anati ndichotse miyala yanga.”

“Ndani?”

Mpaka lero sanayankhe. Chiyambire tsiku limenelo chilichonse cha chimanga chimawabwerera kukhosi, kaya nsima, kaya phala, kaya thobwa. Akukhalira chinangwa ndi mbatata. Kuchipatala anawayeza n'kunena kuti sakupeza kanthu.

Ellina anakhala ndi kachiyembekezo m'mawa umenewo. Nyengo yodzala inali isanathe. Anatulutsa chigubu chake kuseri kwa chitseko, n'kuyamba kusankha mbewu m'lichero.

Koma a Tatu, mosaganiza choipa, anali atanena kale pamjigo kuti mtsikanayo anadzera njira ya kumunda madzulo aja. Wina anapeza chimanga chootcha chija m'mphepete mwa chigwembe. Pofika masana nkhani inali itamera miyendo.

“Ofatsa omwewa.”

“Kusayankhula konse kuja, mumayesa ulemu?”

Mbumba inakhalanso pansi. Ena ankati Ellina wawachita amalume ake chipongwe chamankhwala. Ena ankati ayi, ndi mwini mafupa uja, wa anthu afupiafupi amene ankakhala m'mapirimu makolo athu asanabwere. Sanagwirizane. Chimene anagwirizana n'chimodzi: m'munda umenewo musalowenso khasu la munthu aliyense.

“Nanga ife tidya chiyani?” anafunsa Ellina. Aka kanali koyamba kuyankhula pagulu, ndipo mawu ake anamveka mpaka kumbuyo.

“Maganyu alipo,” anatero wina. Anthu anadzuka, akukutumula fumbi.

Chaka chimenecho Ellina anapalira minda ya eni. Mbewu yake ija anaikazinga pang'onopang'ono mpaka inatha. M'munda muja munamera udzu, ndipo pakona paja panatuluka timitengo ta masuku, tothithikana ngati wina anachita kufesa ndi dzanja.

Febuluwale atafika, m'nyumba mwa a Albertina munalibe ngakhale gaga. M'mawa wina Ellina potsegula chitseko anapeza phukusi la masamba pakhonde. M'kati munali mpama wakutchire, dothi lake lili lonyowa. Pabwalo panali matope, koma mapazi a munthu panalibe.

Anauwiritsa, anataya madzi, anauwiritsanso. Unkawawabe.

“Watipatsa ndani?” anafunsa mayi ake, akutafuna movutika.

“Mnansi,” anatero Ellina.

Phukusi lotere limabwerabe njala ikafika povuta. Anthu apamudzi amaliona, ndipo n'chifukwa chake ambiri sapondanso pakhomo pamenepo. Ellina akamapita kumaganyu amadzera njira ya kumunda ija. Amaima pang'ono, n'kuyang'ana dothi lakuda limene linkadzaza nkhokwe ya mayi ake. Sakwiyira mwini wake. Mayi uja anabweza ndi zimene ankazidziwa. Kungoti Ellina sankafuna mpama. Ankafuna podzala chimanga.