Loko wa Chipinda Chapakati

A Magalasi, ndi mmene anadzitchulira atafika pageti, chifukwa amadula magalasi a mawindo kumsika. Anali bambo wamtali, wa zala zodzaza timabala, ndipo anapempha zinthu ziwiri zokha: chipinda chapakati, komanso kuti loko wa pachitseko chake asasinthidwe.

Mwini malowo anali mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zisanu. Mdadada wa zipinda zitatu za lendi anaugula ndi ndalama zimene bambo ake anamusiyira pomwalira, ndipo miyezi iwiri inali isanathe chiugulireni. Iye ankagona m'kanyumba kakuseri, mumpanda womwewo. Chipinda chakumanja munali a Nesi. Chakumanzere munali mayi a mapasa, amene amuna awo ankayendetsa lole ndipo ankabwera kamodzikamodzi. Onsewa ankamuitana kuti a Landilodi, iye osadziwa ngati ndi ulemu kapena chipongwe.

Achimwene ake anali atamuuza kuti ukagula nyumba, choyamba umasintha maloko onse, chifukwa sudziwa kuti makiyi akale ali ndi anthu angati. Maloko awiri anali atasintha kale. Wachitatuyu anamusiya monga anapemphera a Magalasi, osafunsa chifukwa, pakuti kufunsa munthu wamkulu mafunso kunkamuuma pakamwa. Ndipo bamboyo, ataona galasi losweka pawindo la kanyumba kake, anabwera mawa lake n'kuikapo latsopano osatchula mtengo. Munthu wotere ungamufunsenso chiyani?

Katundu wawo anali matiresi, tebulo, tsache ndi simbi yamagetsi. Analowetsa, anakhoma, n'kumapita. Sanabwere kudzagona.

Usiku wachitatu mtsikanayo anadzidzimuka kutulo. Kunja kunali mdima wandiweyani, galu wa oyandikana nawo ali chete, koma pabwalo pankamveka tsache. Shwa, shwa, shwa, mosafulumira, ngati wosesayo akudziwa mwala uliwonse pamene uli. Anaganiza kuti ndi a Nesi obwera kuntchito yausiku, n'kufunda kumutu. Kutacha anapeza bwalo lonse lili mbee, mizere ya tsache ili yokhotakhota mokongola mpaka kugeti.

"Zikomo posesa, a Nesi," anatero mwamanyazi.

"Ine? Ndasesa liti? Ine ndimayesa ndinu, a Landilodi, mwayamba kutisamala ngati kuhotela."

Anaseka onse, koma mtsikanayo anaseka mochedwa.

Kenako zovala zinayamba kusowa pachingwe. Matewera anayi a mapasa, ndiye yunifomu yoyera ya a Nesi. Zopanira zovala zinkapezeka zitasonkhanitsidwa bwinobwino m'kachitini pakhonde. Wakuba wanji wosamala zopanira? Mpopi unkamveka ukutsegulidwa usiku, madzi n'kumagwera m'ndowa mpaka phokoso lake kusintha, kenako zii. Mayunitsi a magetsi, poti mita inali imodzi nyumba yonse, anatha Lachinayi m'malo mwa kumapeto kwa mwezi.

"Ine ndamva fungo la simbi," ananong'ona mayi a mapasa pampopi, maso ali kuchitseko chapakati. "Fungo la nsalu yotentha, likudutsa pamwamba pa khoma. Ndipo muli munthu amang'ung'udza nyimbo."

"Mwina ndi a Magalasi."

"Mawu achizimayi, a Landilodi. Inu munamufunsa bambo ameneyu kuti amagona kuti? Ali ndi banja? Kapena munangoona kuti wabweretsa lendi?"

Mtsikanayo anayang'ana pansi. Kugolosale anthu ankanena kale kuti m'chipindamo munafera munthu. Ena ankati ayi, bamboyo amasungamo zinthu zake zolemeretsa, n'chifukwa chake anakaniza loko. Madzulo a tsiku lomwelo a Nesi ndi mayi a mapasa anabwera limodzi kukanyumba kake. Analankhula mwaulemu, koma mawu anali amodzi: mwezi ukatha zisanasinthe, akusamuka onse. Iye ankadziwa kuti nyumba ikatchuka ndi zoterezi sipezanso wolowa, ndipo achimwene ake adzangoti, ndinanena ine, gulitsa.

Anapita kumsika kukawafunsa a Magalasi. Anawapeza akulemba mzere pagalasi, ndipo atamuona anapukuta mpando ndi malaya awo kuti akhalepo. Mafunso onse anathawa.

"Chipinda chili bwino?"

"Chili bwino kwambiri, mayi. Zikomo."

Anabwerera kunyumba akudzitukwana mumtima.

Usiku umenewo sanagone. Anakhala kuseri kwa mgolo wa madzi, tochi ili m'manja, udzudzu ukumudya m'miyendo iye osayerekeza kuwomba. Magetsi a m'nyumba zoyandikana anazima, nyumba imodziimodzi. Patapita nthawi yaitali, waya womangira geti analira pang'ono. Kanthu kakafupi, kowerama, kanadutsa pabwalo popanda mgugu wa mapazi. Kiyi analowa m'loko wa chipinda chapakati, n'kutembenuka kamodzi, mosavuta ngati wazolowera. Babu linayaka.

Mtsikanayo anaimirira. Anafika pachitseko, n'kukankha ndi chala chimodzi.

Patebulo panali mayi wokalamba, woonda, kiyi atam'mangirira pachingwe m'khosi. Ankasita yunifomu ya a Nesi, yomwe inali itasitidwa kale mpaka kunyezimira. Matewera anali atapindidwa pamatiresi, mwadongosolo.

"Mwana wa ndani iwe?" anafunsa osadabwa n'komwe. "Pukuta mapazi, ndakolopa. Bambo ake abwera posachedwa, malaya awo sanathe."

Mtsikanayo anaona kuti mapazi a mayiyo anali opanda nsapato, chidendene china chikuchucha magazi. Anavula patapata wake, n'kugwada, n'kuwaveka. Mayiyo anamusisita kumutu ndi dzanja lofunda ndi simbi.

"Wandibwereka? Ndibweza, mwanawe. Ine sindisunga za eni."

Pamenepo geti linalira mwamphamvu, ndipo a Magalasi analowa ali wefuwefu, malaya atamanga mabatani mosemphanitsa. Ataona mtsikanayo anatsamira khoma.

"Ndi mayi anga," ananong'ona. "Anakhala m'chipinda muno zaka makumi atatu. Amene anakugulitsani nyumbayi ndiye anawatulutsa. Mutu unasokonekera, mayi. Ndikangotseka maso amatuluka, amati akupita kwawo. Ndinati akapeza kiyi wawo sakutsegula, alowera kumsewu waukulu."

"Bwanji simunandiuze?"

"Simunandifunse. Ndipo ndinkaopa kuti mukana."

Kutacha mtsikanayo anabweza zovala kwa eni ake n'kufotokoza zonse. A Nesi ananunkhiza yunifomu yawo, n'kunena kuti chiigulireni sinasitidwepo chonchi. Koma mayi a mapasa sanaseke.

"Chisoni ndamva, inde. Koma simbi yamoto usiku, munthu mutu suli bwino, ana anga agona kuseri kwa khoma lomwelo? Tsiku lina adzaiwala kuzimitsa. Musankhe, a Landilodi."

Mtsikanayo anayenda ulendo wonse wa kumsika akukonza mawu owatulutsira a Magalasi, koma sanafunike. Bamboyo anali ataganiza kale zowapititsa mayi ake kwa mlongo wake, kutali, ulendo wa masiku awiri pabasi. Loweruka anabwera kudzatenga katundu, n'kupereka makiyi onse awiri, wina chingwe chake chikadali pomwepo, chakuda ndi thukuta. Patapata uja sanabwezedwe. Mtsikanayo anaika loko watsopano pachitseko chapakati, n'kugulanso wina wa pageti. Lachiwiri a Magalasi anamuimbira foni kuti afika bwino, mayi akudya, akugona. A Nesi ndi mayi a mapasa anati akhala.

Panapita mausiku anayi abata.

M'mawa wachisanu, potsegula chitseko cha kanyumba kake, anaima chilili. Bwalo linali loseseka, mizere yokhotakhota ija mpaka kugeti, ndipo loko wa pageti anali wokhoma monga anamusiyira. Pakhomo pake penipeni panali patapata wake, wotsukidwa mpaka m'timizere ta pansi, atayalidwa moyandikana, zala zitaloza m'nyumba. Madzi anali asanaume.

Chitseko chakumanzere chinatseguka. Mayi a mapasa anatuluka ndi ndowa, mwana mmodzi kumsana. Anayang'ana bwalo, anayang'ana chitseko chapakati, kenako iye.

"A Landilodi," anatero ndi mawu aang'ono, "mwasesa ndinu?"

Mtsikanayo anayang'ana patapata uja.

"Ndine," anayankha.

Ndipo analowetsa mapazi m'patapata uja, kuzizira kwake kukukwera mpaka m'mawondo.