Khadi Lotchipa la Tryphena

Ku Mphamba, kufupi ndi boma la Lundazi, kunali khomo limene anthu odutsa ankachedwapo dala. Linali la a Ezron Zimba ndi akazi awo a Esinati, amene aliyense ankangowatchula kuti a Nyamtonga. Sanali olemera. Ankalima chimanga, mtedza ndi fodya pang'ono, koma pakhomopo sipankasowa nyimbo. Akakolola, banja lonse linkakhala pansi pa mtengo wa mango masana n'kumaswa mtedza. A Nyamtonga ankayambitsa nyimbo ya kutchalitchi, a Zimba n'kuilandira ndi mawu awo aakulu, mwana wawo wamwamuna Misheck n'kumangong'ung'udza chifukwa mawu ake sankamveka bwino. Pamwamba pa onsewa pankamveka Tryphena, mwana wawo wamkazi, amene analinso wotsogolera kwaya ya achinyamata. Amene tinakula naye timakumbukirabe masana amenewo, fumbi la makoko lili mbuu, tikudya mtedza wambiri kuposa umene tinkaswa.

Atamaliza sukulu, Tryphena anapeza ntchito yoyala mabedi panyumba ina yogona alendo kuboma. Anali wachangu ndi waukhondo. Patapita nthawi, kampani ina yolemba anthu ntchito zakunja inamupezera malo pahotela yaikulu ku Dubai.

Tsiku lonyamuka, amayi ake anamuperekeza mpaka pokwerera basi. Anamupatsa kathumba ka mtedza wokazinga, n'kumugwira dzanja.

"Mwana wanga, ine za kumeneko sindikuzidziwa," anatero a Nyamtonga. "Ndikupempha chimodzi chokha. Lamulungu usalitaye. Uzipita kukapemphera, ukaweruka utiimbire foni timve mawu ako."

"Yewo, ndamva, amama. Sindidzaphonya."

Chaka choyamba sanaphonyedi. Pahotelapo ankapuma tsiku limodzi pa mlungu, ndipo iye anasankha Lamulungu. Anapeza mpingo wa anthu a ku Africa umene unkasonkhana m'chipinda cha lendi. Akaweruka ankaimba foni ya Misheck, banja lonse n'kuunjikana pansi pa mango uja. Nthawi zina ankaimbira limodzi nyimbo, ngakhale mawu ankachedwa panjira n'kumasemphana, onse n'kuyamba kuseka. Mwezi uliwonse ankatumiza kangachepe. A Zimba anagula feteleza nthawi yake, denga la udzu linachoka n'kubwera malata.

Koma Tryphena ankasungulumwa. Mzindawo unali wotentha, wa magalasi okhaokha, wopanda munthu womupatsa moni panjira. Ndiye pamene m'chipinda chawo chogona munabwera Natasha, mtsikana wa ku Lusaka amene anali atakhala ku Dubai zaka zingapo. Kumva chilankhulo cha dziko la kwawo kunamukomera Tryphena ngati madzi ozizira.

Tsiku lina Natasha anamufunsa kuti, "Iwe, chibwerere nyanja unaiona?"

"Ndimaiona pawindo ndikamakonza zipinda za pamwamba."

"Pawindo? Wakwera ndege mtunda wonsewu kudzaona nyanja pawindo? Pali makalabu a kugombe, mwana. Mabedi ogonera pamchenga, dziwe losambira, nyimbo, zakumwa."

"Amenewo ndi malo a anthu a ndalama."

"Ndi malo a anthu ochenjera. Alendo ongobwera kudzacheza ndiwo amalipira mtengo wonse. Ife okhala momwemuno timaonetsa chitupa, amatichotserako. Ndipo Lachiwiri akazi timalowa ulere, n'kutipatsanso matambula awiri a chakumwa. Sulipira kanthu."

"Ine ndimapuma Lamulungu."

"Ungosinthana ndi wina kamodzi kokha. Mulungu sathawa."

Tryphena anasinthana ndi mnzake. Lachiwiri limenelo anaponda mchenga wa kunyanja koyamba. Mnyamata wovala zoyera anamuyalira thawulo n'kumuitana kuti madamu, iye amene mlungu wonse ankanyamula matawulo a anthu ena. Mnyamatayo anabweretsa tambula ya chakumwa chofiira, chozizira, chokoma ngati juwisi. Tryphena anafunsa ngati munali mowa.

"Pang'ono chabe," anatero Natasha. "N'chaulere. Ukachisiya ndiye kuti wataya ndalama."

Anamwa. Anamwanso yachiwiri. Yachitatu analipira yekha, ndipo mtengo wake ukanagula thumba la chimanga ku Lundazi.

Kamodzi kaja kanasanduka mlungu uliwonse. Anakalembetsa kwa mkulu wa ntchito kuti tsiku lake lopuma likhale Lachiwiri. Kolowa ulereko kunafuna zovala zosambira, magalasi a dzuwa, tsitsi latsopano ndi takisi, chifukwa Natasha ankati kumalo otere munthu safika pa basi. Lamulungu foni ya Misheck inayamba kukhala chete. A Nyamtonga ankaiyika pampando, iwo n'kukhala pamphasa pambali pake mpaka dzuwa kupendeka.

Misheck anaona zithunzi za mlongo wake pa intaneti. Sanafune kuwaonetsa makolo, koma nkhani inafika yokha kudzera kwa anthu a kumsika. A Zimba anamuuza kuti aimbe foni.

"Tryphena, kutchalitchi ukupita?" anafunsa a Zimba.

"Ntchito yachuluka, adada. Anandisinthira tsiku."

"Anakusinthira kapena unasintha? Tamva kuti umakhala kumadzi, botolo lili m'manja."

"Anthu amakokomeza. Kumeneko ndimalowa ulere, sindiwononga kanthu."

"Ngati suwononga kanthu, bwanji amayi ako sakukumvanso mawu? Chilipo chimene ukulipira, mwana wanga, ngakhale sichili m'chikwama. Ndalama usatumize ngati zavuta, ife tinazolowera khasu. Koma ubwere udzatione. Amayi ako sakupeza bwino masiku ano."

"Ndibwera nthawi yokolola, adada. Tchuthi changa chayandikira."

Sikuti ankanama. Pangano la ntchito yake linali lakuti ikakwana nthawi ya tchuthi, hotela imugulire tikiti ya ndege yopita kwawo, kapena imupatse ndalama m'malo mwa tikitiyo. Tryphena anali atayamba kale kugula nsalu ya amayi ake ndi chipewa cha abambo ake.

Mlungu womwewo Natasha anabwera akuthamanga, foni ili m'manja.

"Taona. Khadi la umembala la chaka chonse alitsitsa ndi theka, koma kwa ife okhala muno basi. Ukakhala nalo umalowa tsiku lililonse, zakumwa amakuchotsera, ungathenso kulowetsa mlendo. Mwayiwu ukutha Lachisanu."

"Ndalama zotere ndizitenga kuti?"

"Si uli ndi tikiti? Tenga ndalama. Kumudzi udzapita chaka chamawa, mudzi suchoka. Uwerengere wekha zimene umawononga pa zakumwa. Khadi limeneli ndi kusunga ndalama, osati kuwononga."

"Amama akudwala."

"Amayi a ndani sadwala? Akamwa mapiritsi achira."

Tryphena anazengereza mpaka Lachisanu m'mawa. Kenako anakasaina kuti sakupita kwawo, analandira ndalama, masana n'kugula khadi. Kunyumba anawauza kuti abwana amukaniza tchuthi. A Nyamtonga anangoti, "Palibe kanthu, mwana wanga, ntchito ndi ntchito. Mtedza wako ndikusungira."

Khadi litalowa m'chikwama, kukhala osapita kukalabu kunayamba kumupweteka ngati akuluza. Ankapita pa tsiku lopuma, ankapitanso akaweruka msanga. Amuna achilendo ankamugulira zakumwa, iye n'kumati wapulumutsa ndalama. Kuntchito anayamba kufika maso ali ofiira, ndipo mkulu wa ntchito anamuchenjeza. Kutumiza kumudzi kunatheratu.

Tsiku lina masana, ali gone pamchenga, foni inalira kangapo. Ataona kuti ndi Misheck anaitembenuza, poopa kuti amva nyimbo za pamalopo. Anaimba yekha mawa lake.

"Amama tawagoneka m'chipatala," anatero Misheck. "Madokotala akuti mtima watupa. Sakudya. Akungofunsa iwe. Ngati ungathe kubwera, bwera tsopano."

Tryphena anathamangira ku ofesi ya hotela. A mu ofesimo anamuonetsa pamene anasaina, n'kumuuza kuti tchuthi cha mwadzidzidzi angamupatse koma tikiti agule yekha. Anapita kukalabu kukapempha kuti abweze khadi. Mtsikana wa pakhomo anamwetulira n'kumuuza kuti khadi logula motsitsa sabweza ndipo sagulitsa kwa wina. Anapita kwa Natasha.

"Ine ndilibe, iwenso ukudziwa," anatero Natasha akupaka milomo. "Pempha anzako a kutchalitchi aja."

Koma kutchalitchi anali atasiya kalekale, ndipo manyazi anamugwira. Akanapita, mwina akanamuthandiza, pakuti anthu amenewo ankasonkherana pa mavuto otere. Sanapite.

M'mawa mwake, akukonza chipinda cha mlendo wina, anaona chibangili chagolide pafupi ndi sinki. Anachiyang'ana, n'kupitiriza kupukuta galasi. Anayala bedi. Potuluka anabwerera, n'kuchilowetsa m'thumba la yunifomu. Mumtima anati adzabweza akadzabwerako.

Sanafike nacho ngakhale pageti. Mlendoyo anadandaula nthawi yomweyo, ndipo makina a pachitseko anaonetsa kuti amene analowa m'chipindamo ndi Tryphena yekha. Alonda anamupeza nacho m'thumba. Apolisi anamutenga yunifomu ili m'thupi, anzake a ntchito akuyang'ana. Natasha anauza apolisi kuti ankangogona naye chipinda chimodzi, sankamudziwa bwino.

Khoti linamulamula kukhala m'ndende miyezi ingapo, kenako athamangitsidwe m'dzikomo osadzabweranso. Foni anamulanda. M'ndendemo ndi mmene anayambanso kupemphera, ndipo pemphero lake linali limodzi, lakuti akawapeze amayi ake ali moyo.

Anatsika ndege ku Lusaka ndi kachikwama kamodzi. Anakwera basi ya ku Chipata, n'kukweranso ina ya ku Lundazi. Inali nyengo ya dzuwa, minda ili mbee, utsi wa lupsa ukukwera m'mbali mwa msewu. Anthu m'basimo ankalankhula Chitumbuka, ndipo Tryphena anatsamira pawindo n'kumangomvetsera, misozi ikutsika. Sanadziwe kuti anachisowa chotere.

Atafika ku Mphamba anapeza abambo ake akukonza mpini pakhonde. Anali ataonda, tsitsi lonse litayera. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

"Wafika," anatero.

Tryphena anagwada patali. "Adada, amama ali kuti?"

A Zimba anaika mpini pansi, n'kutenga ndodo yawo. "Tiye."

Anayenda kudutsa munda wa fodya mpaka kumanda. Mtumbira unali utayamba kale kuphwa, nkhata za maluwa zitauma. Tryphena anagwa pansi n'kulira mpaka mawu anatha. Abambo ake anangoima osamuletsa.

"Anamwalira mlungu womwe unamangidwa," anatero pambuyo pake. "Za kundende sitinawauze. Anapita akudziwa kuti abwana ako ndi ouma mtima, anakukaniza tchuthi. Ankawapempherera kuti Mulungu awafewetse."

"Sanandikanize, adada. Tikiti ndinaigulitsa ndine. Ndinagula khadi lolowera kumalo osambira."

"Ndikudziwa. Misheck anafufuza." A Zimba anapuma mozama. "Ndinakwiya, mwana wanga. Ndinanena kuti pakhomo panga usadzapondepo. Koma ndaika kale mmodzi m'manda, sindikufuna kutaya wina ali moyo. Dzuka. Ukasambe, udye. Lamulungu ukaime pamaso pa mpingo, ukanene wekha zimene wandiuzazi."

Anakaimadi. Ananena zonse, za mowa, za bodza ndi za kuba, osabisa kanthu ndiponso osamunamizira Natasha. Mpingo unamuika pa chilango, ndipo patapita nthawi unamulandiranso.

Lero Tryphena amagulitsa tomato ndi anyezi pa msika wa Lundazi, ndipo ndi amene amasamala abambo ake. Ntchito ya kuhotela sangaipezenso, chifukwa mbiri inafika kuboma iye asanafike. Mowa anausiya. Kukwaya anabwerera, koma amakhala mzere wakumbuyo, ndipo pali nyimbo zina zimene zikayamba amangotseka pakamwa n'kuwerama.

Atsikana amene apeza ntchito kunja amabwera pa benchi lake kudzafunsa za ulendo. Sawaletsa kupita. Amawauza za mapepala, za kutentha, za zovala zoyenera kunyamula. Akamafuna kunyamuka amawagwira dzanja n'kunena kuti, "Kumeneko adzakuuzani kuti mukalowa mwakuti mupulumutsa ndalama. Ine ndinapulumutsa theka la mtengo, amama anga n'kuikidwa ine kulibe."

Achinyamata, tchimo silibwera ndi mtengo wake weniweni pamphumi. Limabwera likunena kuti ndi ulere, kuti ndi kamodzi kokha, kuti mwayi ukutha Lachisanu. Chinthu chimene simunkachifuna sichisanduka chabwino chifukwa chakuti achitsitsa mtengo. Chikakulandani tsiku lopemphera, chikakuchititsani kunamiza makolo anu, chisiyeni pomwepo. Mulungu amakhululukira wolapa, monga anamukhululukira Tryphena, koma masiku amene munawataya sabwezedwa.