Nambala Yaulere pa Tebulo Lachisanu

Linali Lolemba, mzere wa anthu pa ofesi ya kampani ya mafoni utafika pakhomo. Pa tebulo lachisanu pankagwira ntchito mtsikana amene anzake ankamutcha Kachete, chifukwa ankatha tsiku lonse osayankhula nkhani ina kupatula ya ntchito.

Kutsogolo kwake kunakhala mwamuna wamtali, akuzunguza makiyi a galimoto pachala.

"Ndikufuna foni ya m'nyumba, achemwali. Kwathu foni za m'manja zimavuta, mpaka uimirire pawindo. Mayi anga atopa nazo."

Kachete anatulutsa fomu. "Tili ndi mapulani awiri. Yoyamba timakupatsani mphindi zoimbira nambala iliyonse. Yachiwiri mumasankha nambala imodzi, n'kumaiimbira ulere mmene mungafunire. Mukaona kuti sikukuyanjani, mutha kusintha pasanathe masiku makumi atatu."

"Ndatenga yachiwiriyo."

"Ndilembe nambala ya ndani?"

"Yanu."

Kachete anadzutsa mutu. "Pepani bambo, ndili pantchito."

"Inenso ndili pantchito. Ndimaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, koma lero mabuleki a mtima wanga akana kugwira!"

Kachete anayesa kudziletsa, koma kuseka kunamupulumuka. Malo a nambalayo anawasiya osalemba. Pamalo a munthu wachiwiri wololedwa kusintha zinthu pa foniyo, mwamunayo analemba dzina la mkazi. "Mayi anga," anatero.

Anabweranso Lachiwiri. Anabweranso Lachitatu, atanyamula kabotolo ka madzi ozizira. Lachinayi, Kachete analemba yekha nambala yake mu kompyuta.

Tsiku lomwe amisiri anakalumikiza foniyo, ya Kachete inalira nthawi ya nkhomaliro.

"Duwa langa, ndangoti ndiyese ngati ikugwira."

Kuyesako kunatha ola lathunthu! Kuyambira pamenepo ankaimba m'mawa, masana ndi akaweruka. Akakhala panjira ankatumiza uthenga: "Wadya, mwana wa apongozi anga?" Tsiku lina unabwera wakuti: "Chaka chino sichitha usanalowe m'nyumba muno. Ndalumbira."

Kachete ankawerenga mauthengawo mpaka kuwaloweza. Ndani anamuuzapo mawu otere chibadwire?

Mkulu wake, amene ankakhala naye nyumba imodzi, anamufunsa akusita zovala. "Mayi akewo unawamvapo mawu? Foni ili m'nyumba mwawo, koma sanakupatsepo moni?"

Kachete anamufunsa mwamunayo madzulo omwewo.

"Anapita kukacheza kwa achibale," anayankha mwamunayo. "Akangobwera ndidzakutenga. Adzakukonda kuposa ine, uona."

Loweruka lina anamutengera pabwalo lopanda anthu kukamuphunzitsa galimoto. Foni ya m'manja ya mwamunayo inalira kasanu, iye osayankha.

"Ndi ophunzira ovuta awa. Lero ndi lako wekha, wapamtima wanga."

Pa tsiku la makumi awiri ndi asanu ndi limodzi kuchokera pamene analumikiza foniyo, pa tebulo lachisanu panakhala mayi wachitsikana, wooneka wotopa, khanda lili m'manja lofunditsidwa kabulangete koyera.

"Ndabwera kudzasintha pulani ya foni yathu ya m'nyumba. Akuti masiku sanathe."

"Nambala yake, mayi?"

Mayiyo anaitchula. Zala za Kachete zinaima pa kompyuta. Anapempha chiphaso. Dzina linali lomwe lija la pa fomu, koma mwini wake sanali gogo ayi. Ankamuposa Kachete ndi zaka zinayi zokha.

"Mwini foniyi ndi ndani wanu?"

"Amuna anga. Ndinawatuma ndine, ndisanapite kwa mayi anga kukadikira mwanayu. Ndinkafuna yoimbira aliyense, achipatala, mayi, makasitomala anga osoketsa zovala. Ndabwerera dzana, ndikupeza asankha ina. Akuti kalaliki ndi amene analakwitsa."

Kachete anayang'ana pansi. Kalaliki! Ndiye dzina lake limenelo tsopano?

"Tandiwerengereni nambala yaulereyo," anatero mayiyo, akutulutsa foni yake m'chikwama. "Iwo akuti ndi ya kuntchito."

Kachete akanatha kukana. Akanatha kunena kuti kompyuta yavuta. Koma anayang'ana khanda lija, likuyamwa chala, ndipo anaiwerenga nambala yonse mpaka pamapeto.

Mayiyo anaimba. M'dirowa ya tebulo lachisanu foni inayamba kunjenjemera.

Pa tebulo lachinayi kasitomala ankakangana za waya woduka.

"Ndi inu?" anafunsa mayiyo motsitsa mawu.

"Ndine, mayi. Anandiuza kuti dzinali ndi la mayi awo. Sindinkadziwa, Mulungu ndi mboni."

"Mayi awo anamwalira tisanakwatirane."

Mayiyo sanakalipe. Anakonza kabulangete ka mwana.

"Mwanayu ali ndi masiku khumi. Anabadwa Loweruka, masana. Ndinawaimbira kasanu. Anati anali ndi wophunzira wa mayeso."

Kachete anamva ngati pansi patseguka. Tsiku limenelo iye ankaseka pabwalo paja, galimoto ikumuzimira, dzanja la mwamunayo lili pa lake.

"Pepani," anatero, misozi ikugwera pa fomu. "Pepani, mayi."

"Pukutani misozi, achemwali, anthu akutiyang'ana. Sinthani pulaniyo. Ndiponso mundisindikizire mndandanda wa mafoni onse oimbidwa. Ndili ndi ufulu umenewo, eti?"

"Muli nawo."

Kusinthako kunatenga mphindi ziwiri. Kachete anafufuta nambala yake, anasankha pulani yoyamba, mayiyo anasaina. Makina osindikizira anatulutsa masamba atatu, nambala imodzi yokhayokha kuchokera pamwamba mpaka pansi.

"Dindani tsamba lililonse. Abale awo sakhulupirira pakamwa panga."

Kachete anadinda masamba onse atatu, n'kulemba dzina lake pansi pa chidindo.

"Akafuna kumva kwa ine, ndidzabwera. Nambala yanga muli nayo."

Mayiyo anamuyang'ana kanthawi, anagwedeza mutu, anapinda mapepalawo n'kutuluka.

Kachete anapita kwa bwana wake n'kufotokoza yekha kuti analemba nambala yake pa foni ya kasitomala. Bwanayo anavula magalasi.

"Iwe Kachete, mwa anthu onse muno? Ndikulembera kalata ya chenjezo. Ukadzabwereza, ntchito yatha."

Nthawi yoweruka, galimoto yophunzitsira inali itaima pageti. Mwamunayo anatsitsa galasi akumwetulira. Zinkaonekeratu kuti kunyumba anali asanafike.

"Duwa langa! Bwanji uthenga wanga sukuyankha? Kwera, ndakusowa tsiku lonse."

Kachete anaima patali pang'ono, chikwama atachigwira ndi manja awiri.

"Akazi anu anabwera, bambo. Pulani tasintha."

Kumwetulira kuja kunazima. "Tamvera kaye, wapamtima. Ine ndi mayi uja zinthu zinatha kalekale, ndimangodikira kuti..."

"Mwana wanu wafanana nanu mphuno. Pitani kunyumba, akukudikirani."

"Ndimakukonda! Ukufuna ndigwade pamsewu pano?"

"Musagwade. Mukutsekereza galimoto za anzanu."

Anayenda mpaka pokwerera basi osacheuka. Foni inalira m'chikwama kawiri, kachitatu anaizimitsa.

Atafika kunyumba anapeza mkulu wake akuanula zovala. Mkuluyo anangomuyang'ana kumaso, anataya zovalazo m'beseni n'kutambasula manja.

"Bwera kuno, m'bale wanga."

Kachete anagwera pachifuwa pake, ndipo analira mokweza mpaka oyandikana nawo anatuluka kudzafunsa ngati kwagwa maliro.